Momwe Voti Imakopedwera pa Chisankho cha Ophunzira a ku Yunivesite

Chisankho cha bungwe la ophunzira chili ndi zinthu ziwiri zimene zimachisiyanitsa ndi chisankho cha dziko, ndipo pafupifupi njira zonse zokopera anthu zimaphuka pa ziwirizo. Choyamba n'chakuti ovota ambiri sawadziwa anthu amene akupikisana. Kandideti alibe mbiri ya zaka makumi awiri imene anthu angamuyeze nayo. Ali ndi dzina, nkhope, ndi masiku ochepa a kampeni, mwina sabata imodzi kapena ziwiri. Chachiwiri n'chakuti ophunzira ambiri savota n'komwe. Wina ali ndi mayeso mawa, wina amakhala kutali ndi sukulu, wina chilowereni sanaonepo chimene bungwelo linamuchitira. Wopambana ndiye amakhala uja wakwanitsa ntchito ziwiri zotopetsa: kulowetsa dzina lake m'mitu ya anthu, ndi kudzutsa amene akumufuna kale kuti akaponyedi voti.

Kusadziwika kwa opikisana kumatsegula khomo limene pa zisankho zikuluzikulu limakhala lotseka. Mu 2018, akatswiri ofufuza za ndale Joshua Kalla ndi David Broockman anaphatikiza zotsatira za kafukufuku 49 wochitika pa zisankho zenizeni ku America. Anapeza kuti pa chisankho chachikulu, pamene wovota akudziwa kale chipani chake, kumuyendera kapena kumutumizira uthenga sikusintha kwenikweni amene amuvotere. Koma pa mapulaimale ndi pa mavoti a referendamu, pamene palibe chizindikiro cha chipani chomutsogolera, kukopa kunkagwira ntchito. Chisankho cha ophunzira chimafanana ndi gulu lachiwirili. Zoona, pali mayunivesite ena kumene zipani za ndale zili ndi nthambi zake ndipo zimaimitsa anthu awo, moti kumeneko malire amakhala atadulidwa kale. Koma kumene ophunzira amaima paokha, macheza a mphindi zitatu angathe kukhala chinthu chokhacho chimene wovota akudziwa za kandideti.

Kuyamba ndi masamu

Timu yodziwa ntchito imayamba ndi kukumba zotsatira za zisankho ziwiri kapena zitatu zapitazo, isanaganize n'komwe za mtundu wa maposita. Imafuna manambala atatu: anthu oyenera kuvota analipo angati, anavota ndi angati, ndipo wopambana pa mpando womwewo anapeza mavoti angati. Tiyerekeze kuti yunivesite ili ndi ophunzira 10,000, ndipo amavota amakhala 2,000. Ngati pa mpando wa pulezidenti paima anthu anayi, mavoti 800 akhoza kukwana. Zikatero, funso la kampeni yonse limasintha. Silikhalanso loti tingawafikire bwanji anthu 10,000, limakhala loti anthu 800 amenewa ndi ndani, mayina awo, ndipo akugona kuti.

Apa ndi pamene pamabwera kaundula wa kampeni. Aliyense wa m'timu amalemba mayina a anthu amene iyeyo amawadziwa ndipo angayankhule nawo mosachita manyazi: a m'kalasi mwake, a mu hositelo yake, a mu timu ya mpira, a m'kwaya. Anthu 25 akalemba mayina 50 aliyense, ndiye mayina 1,250, ngakhale kuti ena amapezeka kawiri ndipo ayenera kufufutidwa. Dzina lililonse limapatsidwa nambala kuyambira 1 mpaka 5: 1 ndi wathu ndithu, 2 akupendekera kwathu, 3 sanaganize, 4 akupendekera kwina, 5 ndi wa mdani. Nthawi yambiri ya kampeni imathera pa a 2 ndi a 3. A 5 amasiyidwa, chifukwa kukangana nawo kumadya ola lathunthu limene likanabweretsa mavoti khumi pena. A 1 amasungidwira tsiku lovota.

Chimene chimagwetsa matimu ambiri apa n'kudzinamiza. Mnzako akati "osadandaula, ndili nawe" amakhala atanenanso mawu omwewo kwa opikisana ena awiri, pakuti palibe amene amafuna kukana munthu pamaso. Ndiye nambala 1 iyenera kupatsidwa kwa munthu amene wachitapo kanthu kooneka, osati wongomwetulira. Ndipo malonjezo ayenera kuposa chiwerengero chofunikacho ndi mtunda ndithu. Ngati mwa olonjeza atatu aliwonse mmodzi sadzafika, mavoti 800 amafuna malonjezo 1,200.

Dzina, nkhope ndi posita

Mu 1968, katswiri wa za maganizo Robert Zajonc anaonetsa kuti munthu akangoona chinthu mobwerezabwereza, kaya ndi mawu opanda tanthauzo kapena nkhope ya mlendo, amayamba kuchikonda pang'ono ngakhale sanauzidwe chabwino chilichonse chokhudza chinthucho. Kafukufuku amene anasindikizidwa mu 2013 anayesa zimenezi pa chisankho. Cindy Kam ndi Elizabeth Zechmeister anaimika zikwangwani za kandideti wongopeka, dzina lake Ben Griffin, m'mbali mwa msewu wina wopita ku sukulu ya ana mumzinda wa Nashville ku America. Atafunsa makolo patapita masiku ochepa, odutsa msewu wa zikwangwaniwo ndi amene anachuluka pomuika Ben Griffin pakati pa anthu amene angawavotere, kuyerekeza ndi odzera njira ina. Munthuyo kunalibe, analibe mfundo ngakhale imodzi, koma dzina lake linali litazolowereka.

Ntchito ya posita ndi imeneyo basi. Posita siuza munthu chifukwa chovotera, imangochititsa kuti pa pepala lovotera dzina limodzi lioneke ngati la munthu wodziwika. N'chifukwa chake posita yabwino imakhala ndi zinthu zinayi zokha: dzina m'zilembo zazikulu zowerengeka munthu ali patali, nkhope, mpando umene akupikisanira, ndi tsiku lovota. Mawu okopa akakhalapo asapitirire anayi kapena asanu. Manifesito yonse ikaunjikidwa pa posita, woyenda amangoona chithunzi chakuda bii ndi tizilembo, n'kudutsa.

Pali zolakwika zitatu zimene zimabwerezedwa chaka ndi chaka. China ndi kusintha maonekedwe: lero buluu, mawa wofiira, mkuja chithunzi china. Kubwereza kumagwira ntchito pokhapokha chinthucho chikhale chimodzimodzi, choncho mtundu umodzi, chithunzi chimodzi ndi kalembedwe kamodzi ziyenera kukhala pa posita, pa malaya ndi pa intaneti pomwe. China ndi dzina. Kandideti wodziwika ndi dzina lachibwana amene pa pepala lovotera alembedwa ndi mayina ake a pa kaundula wa sukulu amataya mavoti a anthu amene akumufunadi koma sakumupeza. Ngati malamulo salola dzina lachibwanalo pa pepala, posita iliyonse ikhale ndi mayina onse awiri. Chomaliza ndi malo. Khoma limene aliyense wamatapo posita yake silithandiza aliyense, maso amangolumpha. Malo abwino ndi amene anthu amaima osachita kanthu: pamzere wa chakudya, podikira basi, pakhomo la laibulale, kuseri kwa chitseko cha chimbudzi ngati malamulo alola.

Nkhope nayo ili ndi mphamvu yochititsa manyazi pang'ono. Alexander Todorov ndi anzake mu 2005 anaonetsa anthu zithunzi za opikisana pa mipando ya nyumba ya malamulo ya America kwa sekondi imodzi yokha, n'kuwafunsa kuti wooneka wodziwa ntchito ndi uti. Amene anasankhidwa motero ndi amene anapambanadi pa mipikisano pafupifupi 7 mwa 10 iliyonse ya Senate, chimodzi mwa zigawo ziwiri za nyumbayo. Phunziro lake kwa wojambula n'lakuti chithunzi chikhale chowala, maso alunjike kwa woona, kumbuyo kusakhale chipwirikiti, ndipo munthuyo aoneke monga amaonekera tsiku lililonse. Chithunzi chokonzedwa mopyola muyeso chimabweretsa vuto lina: kandideti akafika pakhomo, anthu samuzindikira.

Ngakhale malo a dzina pa pepala lovotera amawerengedwa. Joanne Miller ndi Jon Krosnick, poona zisankho za 1992 ku Ohio, anapeza kuti pa mipikisano pafupifupi theka, dongosolo la mayina linkakhudza zotsatira, ndipo nthawi zambiri wopindula anali wolembedwa poyamba, makamaka pamene ovota sankawadziwa opikisana. N'chifukwa chake makomiti ena oyendetsa chisankho amachita maere, ndipo makina ena ovotera pa intaneti amasakaniza mayina kwa wovota aliyense. Kandideti amene wagwera pansi pa mndandanda ayenera kuwauza anthu ake kuti dzina lake lili pa nambala yanji.

Kugogoda pa zitseko

Njira yamphamvu kuposa zonse ndi imene opikisana ambiri amaizemba chifukwa imatopetsa komanso imachititsa manyazi. Mu 1998, Alan Gerber ndi Donald Green anayesa njira zitatu pa ovota pafupifupi 30,000 mumzinda wa New Haven ku America: kuwayendera pakhomo, kuwatumizira makalata, ndi kuwaimbira foni. Kuyendera kunakweza chiwerengero cha ovota ndi anthu pafupifupi 8 pa 100 aliwonse ofikiridwa. Makalata anathandiza pang'ono chabe. Mafoni ochokera ku kampani yolembedwa ganyu sanasinthe kalikonse. Kafukufuku wambiri wotsatira wapeza chithunzi chomwecho: uthenga ukamamveka ngati wa munthu kwa munthu mnzake, umagwira, ukamamveka ngati chilengezo, umangodutsa.

Pa yunivesite mwayi wake ndi waukulu chifukwa anthu amakhala mothithikana. Awiriawiri, mmodzi woyankhula wina wolemba, angathe kumaliza zitseko 20 kapena 25 pa ola ngati akusunga nthawi. Nthawi yabwino ndi madzulo makalasi atatha koma anthu asanayambe kuwerenga mozama kapena kugona. Wogogoda usiku kwambiri, kapena sabata ya mayeso, amakolola chidani.

Macheza apakhomo ali ndi dongosolo lake, ndipo amene amaliphonya amaliphonya poyambirira pomwe. Kandideti wosazolowera amatsegula pakamwa n'kuyamba kulakatula manifesito. Wodziwa amatchula dzina lake ndi mpando umene akufuna m'chiganizo chimodzi, kenako n'kufunsa: "Chimakusowetsani mtendere kwambiri pasukulu pano n'chiyani?" Akatero amakhala chete. Wophunzira akati madzi otentha mu hositelo, kapena kuchedwa kwa zotsatira za mayeso, kapena intaneti ya ku laibulale, kandideti amatenga mfundo imodzi yokha ya mu manifesito yake yogwirizana ndi dandaulolo. Ngati alibe, amanena kuti alibe n'kulemba dandaulolo munthuyo akuona. Kenako amapempha voti mosapita m'mbali: "Kodi ndingadalire voti yanu Lachinayi?" Ambiri amachita manyazi pa funso limeneli, amangotsanzika ndi "mutikumbukire", ndipo potero amachoka opanda lonjezo komanso osadziwa nambala yoti alembe pa kaundula.

Pali msampha wa mtsutso wapakhomo. M'zipinda zina mumakhala katswiri wa zokangana amene amasangalala kumugwira kandideti kwa mphindi 40, ndipo nthawi zina amakhala atatumidwa ndi timu ina kuti adye nthawi. Ntchito ya wolemba uja ndi kuyang'ana wotchi n'kudula nkhani mwaulemu ikafika mphindi zitatu kapena zinayi.

Mng'ono wake wa njira imeneyi ndi kuyankhula m'kalasi lekichala asanayambe. Amapempha chilolezo kaye, ndipo sapitirira masekondi 45 kapena mphindi imodzi: dzina koyambirira, mfundo imodzi yokhudza kalasi imeneyo, tsiku lovota, dzina kachiwiri. Mfundo ya ophunzira zaudotolo amene amapita ku zipatala siyingakhale yofanana ndi ya ophunzira zamalamulo. Woyankhula mopitirira nthawi amaona yekha mitu ikuwerama pa mafoni.

Kalonjezo kakang'ono

Mu 1966, Jonathan Freedman ndi Scott Fraser anapempha eni nyumba ku California kuti alole chikwangwani chachikulu chonyansa cholimbikitsa kuyendetsa galimoto mosamala chiimikidwe pabwalo pawo. Analola ndi 17 okha pa 100. Koma pakati pa amene milungu iwiri m'mbuyomo anali atavomera kumata kachizindikiro kakang'ono ka nkhani yomweyo, analola ndi 76 pa 100. Munthu akachita kanthu kakang'ono, amayamba kudziona ngati wa mbali imeneyo, ndipo safuna kudzitsutsa yekha.

Matimu a kampeni amagwiritsa ntchito zimenezi mwadala. Kusainira fomu yosankhira kandideti, kuvala kariboni, kuika chithunzi chake pa WhatsApp kwa tsiku limodzi, kujambulitsa atanyamula posita: chilichonse mwa izi n'chopepuka, koma chimasandutsa munthu wa nambala 2 kukhala wa nambala 1. Kumene malamulo amafuna masiginecha 20 kuti munthu aime, ochenjera amatolera 200, osati chifukwa komiti ikuwafuna koma chifukwa aliyense wosaina wadzimanga yekha kachingwe. Chofunika n'chakuti munthuyo achite mwa kufuna kwake. Wokakamizidwa ndi anzake a m'chipinda kuvala malaya a kandideti amakabwezera m'kachipinda kovotera, mmene palibe akumuona.

Gulu limakoka gulu

Munthu amene sakudziwa chosankha amayang'ana zimene anzake akuchita. Apa ndi pamene pagona mphamvu ya malaya a mtundu umodzi, nyimbo, ndi chigulu choperekeza kandideti popita ku mtsutso. Zonsezi zikunena chinthu chimodzi: uyu ali ndi anthu, voti yanu siitayika. Koma si gulu lililonse limene limakoka. Pa chisankho cha 2010 ku America, Facebook inaonetsa uthenga wokumbutsa kuvota kwa anthu 61 miliyoni. Uthenga umene unali ndi zithunzi za anzake a munthuyo amene avota kale ndi umene unatulutsa anthu, ndipo ofufuza anawerengera kuti unawonjezera mavoti pafupifupi 340,000. Uthenga womwewo wopanda nkhope za anzake sunasinthe kanthu kooneka. Choncho kavidiyo ka masekondi 15 ka kaputeni wa timu ya netibo akunena chifukwa chimene akuvotera kandideti kamaposa chikalata chosainidwa ndi "ophunzira okhudzidwa". M'gulu lililonse muli munthu mmodzi kapena awiri amene ena amawamvera, ndipo kawirikawiri sakhala amene ali ndi udindo. Timu yanzeru imawafufuza amenewa sabata zingapo kampeni isanatsegulidwe.

Cholakwika chofala ndi kudandaula pagulu kuti ophunzira savota. Uthenga woti "chaka chatha anavota ndi ochepa, tisachitenso manyazi" umamveka wanzeru, koma chimene wophunzira amatolapo n'chakuti kusavota ndiye khalidwe la aliyense. Alan Gerber ndi Todd Rogers anaonetsa mu 2009 kuti kuuza anthu kuti ovota achuluka kumawapatsa chidwi chokavota kuposa kuwauza kuti achepa, makamaka kwa amene savota kawirikawiri. Ndiye tsiku lovota, uthenga wothandiza ndi wonena kuti anthu mazana angapo avota kale pofika masana, bola chiwerengerocho chikhale choona.

Kukakamiza kwa gulu kuli ndi malire ake. Ku Michigan mu 2006, ofufuza anatumiza makalata ku makomo ena osonyeza amene anavota ndi amene sanavote pakati pa anthu oyandikana nyumba, n'kulonjeza kutumizanso mndandanda watsopano chisankho chikatha. Ovota anakwera kuchoka pa 29.7 kufika pa 37.8 pa 100 aliwonse. Njirayi ndi yamphamvu zedi, koma imakwiyitsa anthu, ndipo kandideti amene angatulutse m'gulu la kalasi mayina a amene sanavote adzawatulutsadi m'zipinda, kuti akavotere mdani wake.

Pa WhatsApp, kulowetsa anthu m'gulu la kampeni osawapempha kumabala chinthu chimodzi: mzere wautali wa anthu otuluka, umene aliyense wotsala akuuona. Mndandanda wotumizira uthenga kwa anthu ambiri nthawi imodzi umalola mayina 256, koma uthengawo umafika kwa okhawo amene anasunga nambala ya wotumiza, zimene matimu ambiri amazizindikira mochedwa. Chogwira ntchito ndi uthenga wolembedwa ndi mnzake weniweni wa munthuyo, wotchula dzina lake, wosaoneka kuti wangotengedwa pena.

Zoti anene

Aristotle, wanzeru wakale wa ku Greece, anagawa kukopa m'zigawo zitatu: khalidwe la woyankhula, mtima wa omvera, ndi kulemera kwa mfundo. Pa chisankho cha ophunzira, choyambacho ndi chimene chimasowa kwambiri, pakuti aliyense angalonjeze. Umboni wa khalidwe ndi ntchito imene munthu anagwirapo kale, ngakhale yaing'ono. "Ndili woimira kalasi ndinakambirana ndi dipatimenti mpaka tsiku loperekera ntchito linasunthidwa" ndi chiganizo cholemera kuposa ndime zitatu za masomphenya, chifukwa pali anthu 60 amene angachitire umboni.

Manifesito ikhoza kukhala yaitali kwa ofuna kuwerenga, koma pakamwa payenera kukhala mfundo zitatu zokha, ndipo imodzi ikhale yotsogolera. Ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada: kandideti wa malonjezo 15 sakumbukiridwa ndi lililonse. Lonjezo labwino limaoneka ndi maso. "Kutukula moyo wa ophunzira" palibe amene angakujambule m'mutu. "Laibulale izitseka 12 koloko usiku m'sabata zitatu za mayeso" aliyense akuiona, ndipo angadzafunse ngati zachitika. Ndipo pamenepo pali ngozi yake. Bungwe la ophunzira silikhazikitsa fizi, sililemba ntchito aphunzitsi, silimanga mahositelo. Lili ndi mipando m'makomiti ena, bajeti yakeyake, ndi mphamvu yosonkhanitsa anthu. Wolonjeza kutsitsa fizi amawomberedwa m'manja lero, koma pa mtsutso wina adzangomufunsa kuti adzasaina pati, ndipo lonjezo linadulitsa mutu wa Yohane. Njira yotetezeka ndi kutchula chimene adzachite iye mwini: nkhaniyo adzaitengera ku komiti iti, pofika liti, ndipo adzawauza bwanji ophunzira zotsatira zake.

Kaikidwe ka mawu kamasinthanso kulemera kwa mfundo. Daniel Kahneman ndi Amos Tversky anaonetsa mu 1979 kuti kutaya chinthu kumapweteka kwambiri kuposa mmene kupeza chinthu chofanana nacho kumakondweretsera. "Tisalole kuti basi ya usiku ichotsedwe" imadzutsa anthu msanga kuposa "tidzapempha basi ina". Ndi chida chakuthwa, ndipo ena amachigwiritsa ntchito popeka chiopsezo chimene kulibe. Wovota wochenjera amafunsa kuti nkhani yochotsa basiyo inalembedwa pati.

Pa mtsutso wa opikisana, anthu ambiri m'holo amakhala atasankha kale, abwera kudzakuwa. Omvera enieni ndi amene adzaone kachidutswa ka masekondi 30 pa foni mawa lake. Choncho okonzekera bwino amakhala ndi ziganizo ziwiri kapena zitatu zoima pazokha, ndipo amayeserera mafunso asanu oipitsitsa amene angafunsidwe, wina wa m'timu akusewera mdani mopanda chisoni. Ngati kandideti ali ndi chilema chodziwika, monga kukhala wa chaka choyamba kapena kukhala m'komiti yakale imene inalephera, amachitchula yekha poyamba n'kuchiyankha. William McGuire, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960, anaiyerekeza njira imeneyi ndi katemera: munthu amene wamva kale chitsutso chofooka pamodzi ndi yankho lake sagwedezeka akadzachimva mwamphamvu kuchokera kwa mdani.

Njira zakuda

Mphatso zimagwira ntchito chifukwa munthu wolandira amamva ngongole, mfundo imene Robert Cialdini anaiika pakati pa zikuluzikulu zokopera anthu mu 1984. N'chifukwa chake malamulo a zisankho zambiri za ophunzira amaika malire a ndalama za kampeni, amafuna malisiti, ndipo amaletsa kugawa zinthu posinthana ndi voti. Kuwonjezera pa ngozi yochotsedwa pa mpikisano, mphatso ili ndi vuto lina: voti ndi yachinsinsi, ndipo ophunzira amadziwa kulandira kwa onse anayi.

Kuipitsa mbiri ya mdani kumakoma kwa a m'timu, koma phindu lake n'lokayikitsa. Richard Lau ndi anzake, ataunika kafukufuku 111 mu 2007, sanapeze umboni woti kampeni yonyoza imapindulitsa woichita, ngakhale kuti imakumbukika, ndipo imachepetsa chikhulupiriro cha anthu pa ndale. Pa mpikisano wa anthu anayi zimaipiraipira: awiri akamatukwanana, wachitatu amangotola. Pamalo pamene aliyense akudziwana, akaunti yabodza siichedwa kudziwika mwini wake, pakuti kalembedwe ka munthu kamamuulula, ndipo chithunzi cha macheza a m'gulu lachinsinsi la timu chimatuluka tsiku limene wina wakhumudwa. Kusiyanitsa mfundo n'kwina: kunena kuti mnzanu akulonjeza chinthu chimene bungwe lilibe mphamvu yochichita ndi mtsutso woyenera, ndipo kumathandiza ovota.

Kukopa ndi "uyu ndi wathu", kaya ndi wa dera limodzi, chipembedzo chimodzi kapena fakote imodzi, kumabweretsa mavoti ofulumira chifukwa kumapatsa wovota chidule pamene alibe china choyezera. Koma masamu aja amabweranso. Ngati gulu lanu lili ndi anthu 400 ndipo mukufuna 800, chizindikiro chimene chakupatsani 400 oyambawo ndi chomwecho chimene chikutsekereni 400 enawo.

Tsiku lovota

Kavotedwe kamasintha njira yopempha voti. Kumene wopeza mavoti ambiri ndiye wapambana, uthenga wa masiku omaliza umakhala woti mpikisano watsala wa anthu awiri, kuti otsatira a ofooka asamuke. Kumene wovota amaika manambala 1, 2, 3 motsatira kukonda kwake, monga amachitira mabungwe ambiri a ophunzira ku Britain, wotsatira wa mdani si wotayika: amapemphedwa nambala 2, chifukwa kandideti wake akagwa voti imasamukira kwa amene wapatsidwa nambala 2. Pamenepo kunyoza ena kumakhala kudziwotcha wekha.

Usiku woti mawa n'chisankho, a nambala 1 ndi 2 onse amafunsidwa mafunso atatu: mukavota nthawi yanji, mudzakhala mukuchokera kuti, mudzakhala mukuchita chiyani nthawiyo isanakwane. David Nickerson ndi Todd Rogers anayesa mafunso amenewa pa mapulaimale a 2008 ku Pennsylvania, ndipo anakweza chiwerengero cha ovota ndi 4.1 pa 100 mwa anthu amene anayankhula nawo, pamene kungowalimbikitsa kuti akavote sikunathandize kwenikweni. Munthu amene wanena yekha kuti "ndikatuluka kalasi ya 10 koloko ndidzera kuholo" wamangirira voti ku chinthu chimene achite kale.

Tsiku lenilenilo, kaundula amagawidwa kwa a m'timu, aliyense ndi mayina ake aja. Wovota akatsimikiza kuti waponya, dzina lake limadulidwa ndipo savutitsidwanso. Masana amawerenga otsala, n'kuwatumizira uthenga wachiwiri. Kukatsala maola awiri, amasiya mafoni n'kupita kukagogoda. Ena a m'timu amaima m'njira zopita kumalo ovotera, kunja kwa malire amene komiti yaika, ndipo malirewo ayenera kuyezedwa m'mawa, chifukwa chithunzi chimodzi cha munthu wovala malaya a kampeni ataima pakhomo la holo n'chokwanira kutsegulira dandaulo. Kumene amavota pa intaneti, chiyeso chachikulu ndi kuyenda ndi laputopu kapena foni m'zipinda kuti anthu avotere pomwepo. Malamulo ambiri amaletsa zimenezi chifukwa wovota sakhalanso payekha, ndipo makina ena amasunga nthawi ndi chipangizo chimene voti iliyonse yachokera, moti mavoti 40 otsatizana ochokera pa chipangizo chimodzi amaonekera poyera. Chololedwa ndi kumutumizira munthu linki, kumukumbutsa kuti akonzeretu nambala yake yachinsinsi yolowera, n'kuchokapo asanatsegule tsamba lovotera.